Giza, hita ya apongozi ndi mayunitsi othawa: kodi taima ingandipulumutse?

Nachisale wa ku 49

Moni nonse. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera kudzafunsa, chifukwa nkhani ya mayunitsi yandifika pakhosi.

Tinasamukira ku Area 49 mu Epulo, nyumba ya lendi ya zipinda zitatu. Tilimo anthu 6: ine, bambo a kunyumba, ana atatu ndi mtsikana amene amatithandiza ntchito. Ku Chilinde komwe tinachokera madzi osamba tinkatereka pa mbaula, ndiye ana atamva kuti kuno kudenga kuli giza anavina ngati tagula galimoto. Nanenso ndinasangalala, ndisaname. Epulo ndi Meyi ndinkagula mayunitsi 450 pa Mpamba tsiku lolandira malipiro, ndipo ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi.

Mwezi uno wa Juni kwabwera apongozi anga aakazi kuchokera ku Ntcheu. Akuonana ndi adokotala za miyendo ndipo akhala nafe mpaka Ogasiti. Mungadabwe kuti munthu wa ku Ntcheu akudandaula kuzizira kwa Lilongwe, koma kwawo madzulo amakhala kukhitchini pafupi ndi moto, pomwe kuno pansi ndi matailosi okhaokha, chipinda chawo chili mbali yomwe dzuwa silifika. Ali ndi zaka 78. Usiku woyamba ndinawapeza atakhala pabedi atafunda mabulangete awiri, osagona, osadandaulanso, mukudziwa mmene akuluakulu amachitira. Mawa lake ndinakagula ku Old Town kahita kaja kokhala ndi fani mkati. Timakayatsa tikamadya nsima cha m'ma 6, n'kukazimitsa ine ndikamakagona, nthawi zina pakati pa usiku.

Mayunitsi 450 aja atha pa 17. Mita inayamba kulira 4 koloko m'bandakucha.

Tsopano aliyense ali ndi nzeru zake. Mnzanga wa kuntchito akuti ndigule swichi ija yoyatsa ndi kuzimitsa giza pa foni. Bambo a kunyumba akuti giza sazimitsa, chifukwa ikazizira imadya magetsi ambiri kuti itenthenso. Alandilodi akuti kuyatsa-zimitsa kumapha elementi, kachitsulo kotenthetsa madzi mu giza, ndipo ikapsa tigula tokha. Kuchipinda kwathu kulinso AC (makina oziziritsa m'chipinda) yomwe anasiya amene ankakhalamo kale, sitinaiyatsepo, koma ndikuona kale kuti Okutobala akadzafika tidzakangana nayo.

Amene mumadziwa za magetsi, ndiyambire pati? Swichi ya pa foniyo ndi yothandizadi kapena ndi zoseweretsa za anthu a ndalama?

Mmisiri wa ku Kawale

Mayi, musanagule kanthu, tengani kope ndi cholembera. Ntchito ya mawaya ndagwira zaka zambiri, ndipo nyumba zambiri zomwe amandiitanira kuti giza ikuba magetsi, ndimakapeza wakuba ali pabalaza, aliyense akumuona.

Tembenuzani kahita kanuko muwerenge kapepala kali kunsi. Ndikukhulupirira mupeza 2000W. Yunitsi imodzi ndi mawati 1000 oyaka ola limodzi, ndiye kameneko kamadya mayunitsi 2 pa ola. Kuyambira 6 madzulo mpaka 12 usiku ndi mayunitsi 12. Tsopano onani masamu anu omwe: 450 pa masiku 30 ndi 15 patsiku, 450 pa masiku 17 ndi pafupifupi 27 patsiku. Kusiyana kwake ndi 12. Giza munali nayo kale mu Meyi ndipo mwezi unkatha bwinobwino.

Sindikuti giza ndi yosalakwa. Pa 15 aja, oposa theka ayenera kuti ndi ake. Giza zambiri za m'nyumba zoterozo ndi za malita 150, elementi ya 3kW. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumafuna mayunitsi pafupifupi 7, ndipo kumatenga maola awiri ndi mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono. Mu Juni madzi a mu mpopi amalowa ozizira kwambiri, ndiye imagwira ntchito yochuluka kuposa mu Novembala ngakhale osamba akhale omwewo.

Za abambo, ndi ulemu wonse, alakwitsa, koma osati kwambiri. Ganizani za tiyi wa mu fulasiki. Akakhala wotentha kwambiri amataya kutentha msanga, akamazizira amataya pang'onopang'ono. Giza yoyaka tsiku lonse imasunga madzi pa kutentha kwapamwamba maola 24, ndiye imataya zambiri, thermostat, kachipangizo koyang'anira kutentha kwa madzi, n'kumabwezeretsa. Yozimitsa imataya zochepa, ndipo poyatsanso imangobweza zomwe zinatayika, sipakhala chindapusa. Koma ndinene chilungamo, zotayika mwa njira imeneyi ndi mayunitsi mwina awiri patsiku pa giza yakale, ndiye taima (swichi yoyatsa ndi kuzimitsa giza pa nthawi yomwe mwaika) payokha singakupulumutsireni theka la bilu monga amanenera ogulitsa. Chimene taima imachita bwino ndi kuika malire. Madzi otentha akatha, atha, mpaka nthawi yake ikwane. Mwana wosamba mphindi 20 amaphunzira yekha.

Za alandilodi: thermostat imayatsa ndi kuzimitsa elementi kangapo patsiku kale, ndiyo ntchito yake. Chimene chimapha elementi ndi kuyaka mopanda madzi, monga madzi akasiya kutuluka wina n'kukhetsa thanki yonse giza ili chiyakire, komanso zokakamira zoyera zija za m'madzi zikaunjikana. Pomwe ndingagwirizane nawo ndi pa buleka. Buleka ya pa bolodi sanaipangire kuti izikhala swichi ya m'mawa ndi madzulo tsiku ndi tsiku, imafooka.

Ndiye chitani izi. Wina akwere kudenga, atazimitsa kaye buleka ya giza, aone thermostat ili pa nambala yanji. Ndimapeza zambiri zili pa 70 kapena 75, madzi oti ungasosolere nkhuku. Aitsitse pa 60. Musapite pansi kwambiri pofuna kupulumutsa, chifukwa m'madzi ofunda chabe, a pakati pa madigiri 20 ndi 45, mumaswana tizilombo totchedwa Legionella toyambitsa chibayo, ndipo muli ndi munthu wachikulire m'nyumba. Akadali komweko aone paipi yotuluka ndi madzi otentha. Ngati ili yosakuta, aikute ndi thovu lija la mapaipi, makamaka mamita awiri oyambirira. Ndi ndalama yochepa.

Taima ikhale ya pa bolodi, ya manambala, yokhala ndi batire mkati. Zija zozungulira zokhala ndi timano zimayenda ndi magetsi omwewo, akathima maola anayi nayonso imatsalira maola anayi, mumadzapeza ikuyatsa giza masana inu muli kuntchito. Ndipo chonde musalumikize giza ku kataima kapena kaswichi kakang'ono ka 10A. Elementi ya 3kW pa 230V imakoka pafupifupi 13A kwa maola awiri osapuma. Ndaonapo pulasitiki itasungunuka m'siling'i. Pafunika cha 20A kupita m'mwamba, kapena contactor (swichi yamphamvu yomwe taima imangoilamula), ndipo aike munthu wodziwa, alandilodi atavomera.

Maola ake ine ndimaika 3 mpaka 5:30 m'mawa, kenako 3 mpaka 4:30 masana. Madzulo ndimapewa dala. Ndi nthawi imene tauni yonse yayatsa mahotipuleti, ndipo ngati magetsi angaperewere, amaperewera pamenepo.

Wa makompyuta ku 47

Madala a ku Kawale anena zoona pa masamu, koma swichi ya pa foni musaichotsere ulemu. Ine ndili nayo chaka chachiwiri tsopano, ya 20A, ndipo ubwino wake waukulu si kuyatsa uli kutali ayi. Ndi kuti imawerenga. Pa foni ndimaona mayunitsi amene giza yadya lero, dzulo, ola ndi ola.

Sabata yoyamba ndinaona kuti tsiku lililonse cha m'ma 10 m'mawa giza imayaka ola lathunthu, pomwe tonse tinasamba 6 koloko. Kufufuza, mlamu wanga amene amatsala pakhomo ankatsuka mbale ndi kuchapa matewera pa mpopi wa madzi otentha, chifukwa m'manja mumazizira, ndipo sindingamunene. Ndinaonanso kuti imadzuka pafupipafupi usiku popanda wosamba. Unali mpopi wa kubafa womwe unkadontha, mbali ya madzi otentha. Vuto linali kamphira ka mkati mwa mpopi, ka ndalama zosakwana mtengo wa buledi. Taima wamba sikanandiuza zimenezo.

China ndi ichi. Taima yanu mwaika 3 mpaka 5:30. Magetsi athima 2 koloko usiku, abwera 6. Taima ya batire isunga nthawi bwinobwino, inde, koma idzati nthawi yanga yadutsa, ndipo ana apita kusukulu atasamba madzi a Juni. Tonse tikukumbuka 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi. Chaka chimenecho palibe ndandanda ya giza imene inkagwira. Ya pa foni umangoyatsa magetsi akabwera, ngakhale uli mu minibasi.

Zovuta zake ndinene ndekha. Imafuna WiFi ya m'nyumba yosazima, ndiye ngati intaneti yanu ndi ya pa foni yokha yomwe mumapita nayo kuntchito, iwalani. Yanga magetsi akabwera rauta isanadzuke imasokonezeka nthawi mpaka ilumikizane, ndinachita kugulira rautayo kabatire. Mukawerengera zonsezo ndi bandulo, kwa munthu wa lendi amene angasamuke chaka chamawa, mwina madalawo apambana. Taima zambiri za pa bolodi zilinso ndi batani loyatsira pamanja, mtsikana wanuyo angalidine magetsi akabwera.

Mmisiri wa ku Kawale

Achimwene, mita ya ESCOM yomweyo imawerenga, yaulere. Lembani otsala 9 koloko usiku, lembaninso 5 m'mawa, masiku atatu. Mamita ambiri alinso ndi kagetsi kofiira kophethira, mukayatsa chinthu cholemera kamathamanga. Mpopi wodontha uja ndavomera, mwandigwira pamenepo.

Kabaza Original

Zonsezi n'zovutikiranji? Makala a 2 pin, mbaula m'chipinda mwa agogo, chitseko tseke. Ife tinakula choncho.

Anamwino a ku Likuni

Achimwene a kabaza, chonde fufutani zimenezo wina asanazitsatire. Ndine namwino, ndipo Juni ndi Julayi aliyense timalandira anthu ochokera m'zipinda zotseka momwe munali mbaula. Ena amafika mutu ukuwawa ndi kusanza, ena amafika atapita kale. Makala akamayaka m'malo opanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide. Sinunkha, sioneka, munthu amangomva tulo. Ngakhale makala aja ofiira opanda utsi, amene anthu amati apsa bwino, amatulutsabe. Kukhitchini kwa agogo ku Ntcheu mpweya umalowa m'denga la udzu ndi m'mazenera opanda magalasi. Chipinda cha ku 49 cha siling'i ndi mawindo otseka ndi nkhani ina.

Achemwali a Nachisale, ine ndilankhule za apongozi anu, za giza akuuzani kale. Musawachotsere kutentha pofuna kusunga mayunitsi. Bungwe la WHO limati m'nyumba nthawi yozizira musatsike pansi pa madigiri 18, ndipo okalamba ndi odwala angafunike kuposa pamenepo. Usiku wa Juni kuno kunja kumatsika pansi pa 10. Gulani kathemomita ka pakhoma muike m'chipinda mwawo, muzidziwa chenicheni m'malo mongoganiza.

Kahita ka fani kaja ndi kotenthetsa munthu amene wakhala pafupi kwa kanthawi. Kusiya koyaka m'chipinda cha munthu wogona, pafupi ndi makatani ndi neti ya udzudzu, ine sindingalole, ndipo musakaike pa taima kuti kazidziyatsa kokha popanda woona. Ngati mungakwanitse, hita ya mafuta ija yooneka ngati nthiti za ng'ombe ndi yabwino usiku. Mawati ake angafanane, koma ili ndi thermostat, chipinda chikafunda imadzizimitsa yokha n'kumangowonjezera pang'onopang'ono. Muiike pakatikati, osati pamapeto.

Koma yambani ndi zosafuna magetsi. Mkeka kapena kapeti yakale pa matailosi pambali pa bedi. Thaulo lopinda pansi pa chitseko. Makatani atsekedwe dzuwa likangolowa, osadikira mdima. Chipewa ndi masokosi pogona, ngakhale akane tsiku loyamba. Bulangete la magetsi limadya pang'ono kwambiri, mawati osakwana 100 ambiri mwa iwo, ndipo kufunditsa bedi mphindi 30 asanagone n'kuzimitsa kumathandiza. Koma mwati akudwala miyendo. Ngati ali ndi shuga kapena mapazi achita dzanzi, samamva kutentha bwino ndipo angapse osadziwa, kaya ndi bulangetelo kaya ndi botolo la madzi otentha. Afunseni adokotala awo tsiku lopita. Botolo likhale lokutidwa ndi nsalu, lifunditse bedi, lichoke iwo akamalowa.

Wa mafiliji ku Area 2

Palibe amene wayankha za AC, ndiye ndiyankhe ine. Mayi, tengani rimoti yake mudine batani la Mode kangapo. Mukaona kachizindikiro ka dzuwa, AC yanuyo imatenthetsanso, ndipo ndiyo hita yotchipa kuposa zonse m'nyumba mwanu. Siipanga kutentha ndi waya ngati kahita kanu, imakoka kutentha kwa mpweya wa panja n'kulowetsa mkati, filiji yotembenuza. Pa yunitsi imodzi ya magetsi imapereka kutentha kofanana ndi mayunitsi atatu kapena kuzungulira pamenepo. Anthu ambiri kuno amakhala nazo zaka osadziwa.

Za Okutobala. AC ya 12000 BTU (muyeso wa mphamvu yake yoziziritsa) imakoka pafupifupi yunitsi imodzi pa ola kompuresa ikamazungulira. Cholakwa cha aliyense ndi kuika 16. AC wamba sizizira msanga chifukwa mwaika 16, imangokana kupuma, usiku wonse kuthamangira nambala yomwe siifika, inu mutafunda bulangete mu Okutobala. Ikani 25 kapena 26 ndi fani pamodzi. Fani imadya mawati 50 mpaka 70 basi, koma kumbukirani kuti imaziziritsa khungu la munthu, osati chipinda, ndiye mukatuluka zimitsani. Pa rimoti pomwepo pali Sleep ndi Timer, zomwe anthu amalipira ndalama kufuna pa foni zili kale m'manja mwawo. Ikani izime yokha pakatha maola atatu, m'bandakucha Lilongwe amakhala atazizira kale. Tsukani masefa ake musanayambe, fumbi la Seputembala mumalidziwa. Ndipo ngati zenera la chipindacho lili kumadzulo, katani yokhuthala kuyambira 1 koloko masana ichita ntchito yomwe AC ikanaichita ndi ndalama zanu.

Nachisale wa ku 49

Ndabweranso patatha masiku khumi, zikomo nonse, ngakhale inu a kabaza, chifukwa mwapangitsa anamwino kulankhula zomwe mchemwali wanga ku Area 25 amafunika kumva. Ndamutumizira.

Kahita kalidi 2000W, a ku Kawale simunaphonye. Thermostat ya giza inali pa 75. Alandilodi anavomera taima nditawauza kuti ndilipira ndekha ndipo ndikadzasamuka ndidzaisiya, pamenepo nkhani ya elementi sinamvekenso. Ndaika ya pa bolodi ya batire. Ya pa foni ndaisiya kaye, WiFi tilibe. Mpopi wodontha ndinaupeza kukhitchini, sindikanauganizira.

Ndikulemba mita m'kope m'mawa uliwonse. Masiku asanu apitawa: 19, 18, 20, 17, 18. Tsiku la 20 linali Loweruka, ndinasita zovala za sabata yonse. Bambo a kunyumba akuti ndi chifukwa kwayamba kufunda, pomwe dzulo lomweli anapita kuntchito atavala juzi ziwiri. Mwana wamkulu wadandaula kawiri kuti madzi anamuthera ali ndi sopo kumutu, ndamuuza adzuke msanga.

Kathemomita ndinagula. Usiku woyamba m'chipinda mwa amayi munali 14 nthawi ya 5 m'mawa, ndinachita manyazi. Ndi kapeti, thaulo pakhomo ndi hita ya mafuta yomwe ndabwereka kwa mnzanga wa kutchalitchi, tsopano mukumakhala 18 kapena 19. Adokotala anakana botolo la madzi otentha, akuti mapazi awo samva bwino, ndiye anamwino munachita bwino kunditsina khutu.

AC ija ili nako kachizindikiro ka dzuwa. Tinaiyesa Lamlungu, mphindi 15 chipinda chonse chinafunda, ana kukhamukira konko. Ndinawauza amayi kuti ife tisamukire chipinda chawo, iwo azigona kwathu mpaka Ogasiti. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati kuyambira pomwe mwana wawo anakwatira sanapondepo m'chipinda mwake ndipo sayamba ndi zaka 78 chifukwa cha makina. Ndinayesa kunena kuti tisinthanitsa mabedi ndi katundu yense, akuti makoma ndi omwewo.

Ndiye a mafiliji a ku Area 2, kuchotsa AC chipinda china n'kuika china, khoma lake ndi loyang'anizana, pamafunika kuthiranso gasi kapena amasunga yemweyo? Ndikufuna ndidziwe ndisanapitenso kwa alandilodi.